Difu Yakumbuyo: Tisinthe Tokha Pakhomo Kapena Tisiyire Amakaniko?

Galimoto ya alamu anga, Toyota Mark X yomwe inabwera kuchokera ku Japan itayenda kale, inayamba ndi kugogoda. Akangoika giya kuti anyamuke, kumbuyo kunkamveka kuti "gu!" ngati munsi wagwera mu mtondo wopanda kanthu. Patapita miyezi iwiri kunabweranso kulira kwina kosalekeza, kumene kunkakula akaponda mafuta pa msewu wa M1 polowera ku Dedza, n'kuzilala akachotsa phazi. Kugalaja kumene anapita anawauza mosapita m'mbali kuti difu yatha, mabushi ake ang'ambika, ndipo mtengo umene anawatchulira unawasiya kukamwa kuli yasa. Atafika kunyumba analengeza kuti akagula difu ya kaunjika, ndipo Loweruka aisintha okha pabwalo.

Amalume analipo tsiku limenelo. Iwowa anakalambira kunsi kwa malole, ndipo chala chawo cha mkombaphala chinapindika kalekale giyabokosi itachiphwanya. Anamvetsera mpaka alamu atamaliza, kenako anati, "Apongozi, kugula sipanala si kukhala makaniko ayi. Kunsi kwa galimoto munthu saphunzirirako ali yekha."

"Amalume," anayankha alamu mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, "ndalama imene akufunayo ndi fizi ya mwana ya teremu yathunthu. Komanso ulendo watha uja anandibwezera galimoto mabawuti awiri palibe. Ndikawapatsenso anthu omwewo?"

Mkangano umenewu si wa pakhonde pathu pokha. Umamveka kulikonse kumene eni galimoto akumana, ndipo nthawi zambiri umatha aliyense ali pomwe anayambira. Ine ndakhala ndikuusinkhasinkha, ndipo chimene ndapeza n'chakuti onse awiri ankanena zoona, kungoti sankanena za ntchito imodzi. Mawu akuti "kusintha difu" abisa ntchito zingapo m'kati mwake. Zina angathe kuzigwira munthu aliyense wodekha, zina ndi za mmisiri basi.

Tiyambe ndi chitsulocho. Amene analimapo ndi ng'ombe amadziwa kuti pokhota kumapeto kwa munda, ng'ombe yakunja imayenda mtunda wautali pamene yam'kati imangopondaponda pamodzimodzi. Matayala a galimoto n'chimodzimodzi. Pakati pa tayala lakumanzere ndi lakumanja pali pafupifupi mita imodzi ndi theka, choncho mukazungulira raundabauti yonse, tayala lakunja limaposa linzake ndi mamita opitirira 9. Akanakhala kuti onse awiri anamangidwa pa chitsulo chimodzi, bwenzi limodzi likukwekwereza pansi pa kona iliyonse. Difu ndiyo imalandira mphamvu ya injini kudzera pa pulopushafuti, chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi, n'kuigawira matayala awiriwo, lililonse n'kumazungulira pa liwiro lake.

Si galimoto iliyonse ili ndi difu kumbuyo. Vitz, Passo, Fit ndi Note zambiri zimene zadzaza m'matauni mwathu zimakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo difu yake ili m'kati mwa giyabokosi. Zokhala nayo kumbuyo zili mitundu iwiri. Hilux, Hiace ndi Land Cruiser zili ndi ekiselo imodzi yolimba, difu ili pamimba pake ngati dzungu, ndipo mabushi ake ali pa masipuling'i kapena pa mikono yogwira ekiseloyo. Koma pa Mark X, Mark II, Crown, BMW kapena Subaru Forester, difu ndi bokosi lapalokha lopachikidwa pa chimtanda chachitsulo chimene amakaniko amati subframe, ndipo pakati pa bokosi ndi chimtandacho pamakhala mabushi a mphira atatu kapena anayi. Mphira imeneyi ndiyo imameza kugwedezeka kuti kusafike kwa okwera. Ikauma n'kung'ambika, difu imadumpha n'kumenya chitsulo nthawi iliyonse mphamvu ikafika. Ndiye "gu!" uja.

Mbali ya alamu anga imayambira m'thumba, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Zitsulo za galimoto zimenezi zimachokera kunja: ku Japan, ku Dubai, ku South Africa, zina kudzera pa doko la Dar es Salaam. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya inakwera, malipiro a anthu ambiri n'kutsalira m'mbuyo. Mtengo wa difu sungauzembe, wa mabushi ndi oyilo chimodzimodzi. Chokhacho chimene mwini galimoto angadule ndi ndalama ya ntchito, ndiye n'zosadabwitsa kuti maso ake amagwera pamenepo.

Koma ndikamvetsera bwino anthu amene amakonza okha, ndimaona kuti chimene chimawapweteka kwambiri si ndalama ayi, koma kugwiritsidwa mwala. Izi ndinaziona ndekha. Ndinalipirapo pa galaja ina kuti andisinthire oyilo wa mu difu ya pikiapu yanga. Patatha sabata imodzi ndinamva kulira kwachilendo. Ndinagona pansi, n'kumasula pulagi yothirira, n'kulowetsa chala pabowo. Oyilo amayenera kufika pamlomo penipeni pa bowolo, koma chala chinatuluka chouma. Ndinachipinda kuloza pansi, sichinakhudzebe kanthu. Nditakhetsa wonse anangokwana lita imodzi, pamene difu imeneyo imamwa malita oposa awiri. Sindikunena kuti anachita dala. Pa galaja pomwe pali galimoto zisanu ndi ziwiri pamzere, makaniko mmodzi ndi anyamata atatu ophunzira, zoterezi zimachitika. Komatu mwini wake ali ndi galimoto imodzi yokha, ndipo tsiku lonse ndi lake. Amatsuka bawuti iliyonse, manati amawasunga m'chitini, akamanga amabwereranso kukayang'ana. Chisamaliro chotere n'chovuta kuchipeza pa munthu amene akuthamangira kasitomala wina.

Chinanso, kutsitsa difu yapayokha si ntchito yamatsenga. Ndi ntchito ya mabawuti ndi dongosolo. Mumayamba mwamasula pulagi yothirira musanakhudze yokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo kenako n'kupeza kuti yapamwambayo yakana kumasuka. Ngati difu yomweyo idzabwererepo, monga pamene mukungosintha mabushi, mumaika chizindikiro cha penti pomwe yakumana ndi pulopushafuti kuti zikabwerere momwe zinalili, apo ayi galimoto ingamanjenjemere pa liwiro. Ekizozi ikatchinga mumaisuntha. Mumamasula mashafuti awiri opita ku matayala, amene pa galimoto zina amamangidwa ndi mabawuti, pa zina amangolowa m'difu n'kugwidwa ndi kawaya. Mukatero mumaika jeke kunsi kwa difu, n'kumasula mabawuti a pa mabushi, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Inayo imakwera njira yomweyo chobwerera. Munthu amene anakonzapo mjigo kapena chigayo sangaone chachilendo pamenepa. Masiku ano foni imathandizanso: mumajambula chilichonse musanachimasule, ndipo mabuku a galimoto zambiri amapezeka pa intaneti.

Tisaiwalenso kuti amakaniko aluso a ku Biwi mu Lilongwe kapena a ku Ndirande mu Blantyre sanabadwe akudziwa. Anaphunzira ndi manja. Ndipo munthu amene wagonapo kunsi kwa galimoto yake amaidziwa mwanjira ina. Akamva phokoso ali pakati pa Mangochi ndi Makanjira, kumene galaja ili kutali, amatha kusiyanitsa loyenda nalo ndi lofunika kuima pomwepo. Nzeru imeneyi ndimailemekeza, ndipo ndimadana ndi mtima wouza anthu kuti chilichonse cha pa galimoto n'chopatulika, chosayenera kukhudzidwa ndi mwini wake.

Tsono amalume. Iwo sanatsutse zoti mabawuti amamasuka. Funso lawo loyamba linali lina: "Mwadziwa bwanji kuti ndi difu?" Funsoli ndi lolemera kuposa momwe limamvekera, chifukwa kumbuyo kwa galimoto kuli zinthu zambiri zolira mofanana. Bering'i ya tayala ikatha imalira motsatira liwiro, ndipo kulirako kumasintha mukakhotera kumanzere kapena kumanja, kaya mwaponda mafuta kaya ayi. Matayala odyeka mosafanana amang'ung'udza ngati difu yeniyeni. Bering'i yapakati pa pulopushafuti ndi majointi ake nazo zimagogoda ndi kunjenjemeretsa galimoto. Kulira kwa difu kumatsata phazi: kumabwera mukaponda, kapena mukasiya, ngakhale liwiro lili lomwelo. Khutu losiyanitsa zimenezi silipezeka pa foni. Alipo anthu amene anagula difu, n'kulimbana nayo masiku awiri, n'kupeza kulira kuli pomwepo, chifukwa chinatha ndi bering'i ya tayala ya mtengo wochepa. Paja safunsa anadya phula.

Anatchulanso mfundo imene ineyo ndinali ndisanaiganizire. Mavidiyo ambiri olimbikitsa munthu kukonza yekha amachokera ku America ndi ku Britain, kumene makaniko amalipiritsa pa ola, ndipo ndalama ya ntchito kawirikawiri imaposa ya chitsulo. Kwathu kuno n'zosemphana: chodula ndi chitsulo, manja ndi otsika mtengo. Choncho wokonza yekha akupulumutsa gawo laling'ono la ndalama, kwinaku akuika pachiswe gawo lalikulu. Komanso anthu a m'mavidiyowo amagwirira pa simenti yosalala, zida zonse zili pakhoma.

Atafika pa nkhani ya pogonera m'pamene mawu a amalume anakwera, ndipo pamenepa ine ndili nawo kwathunthu. Mark X imalemera pafupifupi makilogalamu 1,500, kufanana ndi matumba 30 a chimanga. Mabwalo athu ambiri ndi adothi, ena otsetsereka. Jeke imene imabwera ndi galimoto anaipangira kusintha tayala munthu ali pambali, osati ali kunsi. Ngakhale jeke yaikulu ya oyilo imadalira kamphira kakang'ono m'kati mwake, ndipo tsiku limene kadzatope sikachenjeza. Njerwa zootcha ndi mabuloko a simenti zimaoneka zolimba, koma chitsulo chikazitsamira pa nsonga imodzi zimaphwanyika kamodzi n'kamodzi. Palinso china chimene ambiri sachiganizira. Pa galimoto yokoka kumbuyo, handibuleki imagwira matayala akumbuyo, ndipo giya ya P nayonso imagwira kudzera ku matayala omwewo. Mukangokweza kumbuyo m'mwamba, palibenso chogwira galimotoyo kupatula zimene mwatchinga nazo matayala akutsogolo. Tsono taganizirani munthu wagona chagada, akukoka bawuti yadzimbiri ndi paipi yaitali, thupi lake lonse likugwedeza galimoto. Akamasula bawuti yomaliza, chitsulo cha makilogalamu 25 mpaka 40, choterera ndi oyilo, chopanda pogwira pabwino, chili pamwamba pa chifuwa chake. Amalume anati, "Fizi ya teremu imodzi tingathe kusonkherana pabanja. Nanga bambo wa pakhomo tingamusonkhe kuti?"

Kenako mabushi, amene anthu amawaona ngati kantchito kongomalizira. Bushi ndi mphira yomatidwa m'kati mwa kachitini kachitsulo, ndipo kachitinika kamalowetsedwa m'bowo mwake mokanikiza ndi makina. Pakatha zaka 15 za fumbi, matope ndi dzimbiri, sikatuluka ndi hamala. Mabushi amene ali pa difu penipeni mungawanyamule n'kupita nawo ku makina a pulesi. Koma pa galimoto zambiri bushi ina imakhala mu subframe, kumene pulesi singafike pokhapokha mutatsitsa chimtanda chonse. Pamenepo anthu amapanga chida cha bawuti yaitali, mawashala ochindikala ndi chidutswa cha paipi, n'kumaikoka pang'onopang'ono. Ikakanitsitsa amaboola mphira, n'kucheka kachitini kaja ndi sowo mosamala kuti asacheke bowo lenilenilo. Ena amathamangira moto kuti aotche mphirayo, kuiwala kuti thanki ya petulo ndi mapaipi ake zili pafupi pomwepo. Poika yatsopano palinso misampha. Mabushi ambiri ali ndi mipata kapena kamuvi kosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba, ndipo yolowa mozondoka imang'ambika msanga. Yolowa chopendama imaononga bowo. Girizi ndi oyilo wa injini zimadya mphira. Ndipo mabawuti onsewa ali ndi muyeso wake womangira, umene umafuna sipanala yoyezera yotchedwa torque wrench: yothina mopitirira imaduka kapena kupha mazinga, yolekerera imamasuka galimoto ili pa msewu.

Ndiye difu ya kaunjikayo. Difu iliyonse ili ndi chiwerengero chake cha mano. Imene amati 4.10 ili ndi mano 41 pa giya yaikulu ndi 10 pa yaing'ono, ya 3.73 ili ndi 41 ndi 11. Kunja zimafanana ngati mapasa, mabowo a mabawuti n'kugwirizana bwinobwino. Pa galimoto yokoka kumbuyo kokha, mukalakwitsa mumasintha mphamvu yake pa mtunda ndi kamwedwe ka mafuta. Pa yokoka matayala onse anayi, monga Forester, ndi tsoka lenileni: kutsogolo ndi kumbuyo zimalimbana mpaka china chithyoke. A Toyota amalemba nambala ya ekiselo pa kachitsulo komwe pali nambala ya galimoto, koma difu imene yaikidwa pansi pamsika sibwera ndi kachitsulo kameneko. Wogula wosadziwa amangoona kuti yatsukidwa bwino.

Apa wina anganene kuti nkhani yatha, amalume apambana. Ayi ndithu. Pali funso limene alamu anafunsa, limene amalume anayamba akhala kaye chete asanaliyankhe: "Nanga kugalaja kumene mukunditumizako, amagonera pa chiyani?" Zoona zake n'zakuti magalaja athu ambiri ali pansi pa mtengo wa mango, pa dothi lomwelo, galimoto itakhazikidwa pa marimu akale ndi zipika. Torque wrench kulibe, muyeso ndi mkono wa mnyamata. Bushi imalowa ndi hamala. Mutandiuza kuti ndisankhe pakati pa galaja yotere ndi mwini galimoto wodekha wokhala ndi masitandi ndi buku, ndingasankhe mwini galimoto osaganiza kawiri. Choncho kungouza munthu kuti "pitani kwa amakaniko" sikukwanira. Kwa makaniko uti? Odziwa ntchito alipo. Ena anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene maphunziro ake amayang'aniridwa ndi TEVETA, ena anakulira m'manja mwa amisiri enieni. Mumawadziwira pa zida zawo ndi mafunso awo. Ali ndi dzenje kapena masitandi, ali ndi pulesi, ndipo asanatchule mtengo amayamba ayendetsa galimotoyo n'kumvetsera.

Malo amodzi okha ndi amene sindionapo mtsutso: m'kati mwa difu. Munthu amene amadziwika kuti analembetsa luso la difu ya mtundu uno ku France m'zaka za m'ma 1820, Onésiphore Pecqueur, anali mmisiri wa mawotchi, ndipo mpaka lero m'kati mwa bokosi lolemerali ntchito yake ndi ya wokonza wotchi. Mpata wa pakati pa mano a magiya awiri aja umayezedwa ndi geji ya muvi, ndipo pa madifu ambiri a galimoto zing'onozing'ono umakhala cha m'ma 0.2 ya milimita kapena kucheperapo, ngati mapepala awiri osanjikiza. Mabering'i ali ndi kuthina kwake koyezedwa. Mano amawapaka utoto kuti aone pomwe akukhudzana. Mukaphonya pang'ono pokha, difu imalira kuyambira tsiku loyamba n'kumadzidya yokha. Ngakhale nati yaikulu yakutsogolo, imene anthu amaimasula posintha silo yodontha, ikamangidwa mopitirira imapha mabering'i. Mano a magiya aja sangogundana, amakhulana mwamphamvu pozungulira, kapangidwe kamene kampani ya Packard inayamba kukagwiritsa ntchito pa galimoto zake m'zaka za m'ma 1920. N'chifukwa chake amafuna oyilo wawowawo, wolembedwa GL-5, monga 80W-90 kapena 75W-90, osati wa injini kapena wa giyabokosi ya otomatiki.

Ndiloleni ndipatuke pang'ono pa oyilo yemweyu, chifukwa madifu ambiri safa ndi ukalamba. Pamwamba pa difu pali kabowo kopumira. Mukawoloka madzi akuya nthawi ya dzinja difu ili yotentha, imazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kulowa m'kati. Oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo mano amayamba kudyeka mwakachetechete. Kumasula pulagi n'kuyang'ana mvula ikatha ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo imeneyo aliyense angaichite pakhomo popanda mkangano.

Ngati galimotoyo ndi minibasi kapena pikiapu yonyamula anthu, ndiye nkhani ndi inanso. Pa Hiace ndi Hilux, kuti difu ituluke mumayamba mwasolola mashafuti a matayala, ndipo zimenezi zimakhudza mapaipi a mabuleki, amene pobwezera amafunika kuwachotsa mpweya. Galimoto imene mawa itsike Thabwa kupita ku Chikwawa, kapena Chiweta polowera ku Karonga, itanyamula ana a eni, si pophunzirira mabuleki.

Loweruka lija silinayende momwe alamu anakonzera, komanso silinayende momwe amalume anafunira. Lachisanu madzulo amalume anakwera galimotoyo n'kukhala mpando wakumbuyo, mutu atapendeketsa, n'kumauza alamu kuti, "Pondani. Siyani. Pondaninso." Atabwerera anakhetsera oyilo mu beseni. Pa pulagi yokhetsera pamakhala kamaginito, ndipo kakangokhala ndi phala lotuwa losalala palibe chodetsa nkhawa. Koma amalume anakapukuta ndi chala chopindika chija n'kutionetsa tizidutswa tonyezimira ngati mamba a nsomba. "Iyi yathadi," anatero.

M'mawa mwake galimoto anakaiimika pa simenti ya anzathu oyandikana nawo. Anabwereka masitandi achitsulo, matayala akutsogolo anawatchinga ndi zipika mbali zonse ziwiri, ndipo akumbuyo atawachotsa anawagoneka kunsi kwa galimoto kuti itatsetsereka igwere pamenepo. Amalume anaikankha kawiri ndi phewa asanalole munthu kulowa kunsi. Wogwira sipanala anali alamu. Amalume anakhala pa kampando, dzanja lili pa jeke, maso ali pa difu. Itatsika anaikweza m'galimoto yanga n'kupita nayo kumsika.

Difu yoyamba imene anawaonetsa inali yoyera mbee. Amalume analemba choko kutsogolo ndi m'mbali, n'kuuza alamu kuti azungulitse mbali zonse ziwiri limodzi ulendo umodzi, iwo akuwerenga kuzungulira kwa kutsogolo. Yakale ija inazungulira kanayi ndi pang'ono. Yoyerayo sinafike kanayi. Anaisiya, ngakhale wogulitsa analumbira kuti ndi yomweyo. Yachiwiri inali yakuda ndi fumbi, koma chiwerengero chinagwirizana, ndipo poizungulitsa ndi dzanja sinkakhula paliponse. Mabushi akutsogolo anakawalowetsa pa pulesi ya galaja ina, n'kulipira ndalama yochepa. Ya mu subframe inawadyera maola atatu ndi bawuti yaitali imodzi imene inapindika. Ntchito inatha Lamulungu madzulo, mabawuti atamangidwa ndi torque wrench yobwereka, oyilo atathiridwa galimoto ili yowongoka mpaka kuyamba kubwerera pabowo. Kugogoda kuja kunatha, kulira kuja kunatha, ndipo patapita sabata alamu anasuzumira kunsi osapeza dontho.

Sindinafotokoze zimenezi pofuna kuonetsa kuti alamu anapambana. Akanakhala okha akanagula difu yoyera ija, ndipo akanagona kunsi kwa jeke imodzi pa dothi. Komanso akanangomvera amalume tsiku loyamba lija, bwenzi lero asakudziwa kalikonse za galimoto imene imawadyetsa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo difu nayo siitsitsa munthu mmodzi.

Chigamulo changa ndi ichi. Kufufuza chimene chatha, musiyireni munthu wa khutu lozolowera, ndipo mumulipire pa ntchito imeneyo yokha ngakhale zinazo mukachite nokha. Kutsitsa ndi kukweza difu yapayokha, yathunthu, yosatsegula, mungathe kuchita pakhomo, ndipo ndikukulimbikitsani ngati ndinu munthu wodekha. Mabushi onyamulika pitani nawo ku pulesi. M'kati mwa difu musalowemo, ndipo galimoto yonyamula anthu musaphunzirirepo. Koma inu amene mwagula kale difu ndipo mukudikira Loweruka, ndikupempheni chinthu chimodzi. Ngati mulibe simenti yosalala, masitandi achitsulo ndi munthu wachiwiri wodziwa ntchito woti akhale pambali panu mpaka mutatuluka, musalowe kunsi kwa galimotoyo.